Njira ya ku Dziwe la Nkhalamba: momwe ntchito yokonza ikuyendera

Epulo 2025

Mvula yakata, ndiye tayenda njira yonse kuchokera pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, mpaka ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba kuti tione zimene dzinja latisiyira. Kwa inu amene simukuidziwa, ndi njira yomwe ija ukapitirira nayo umakwera njira ya Chapaluka n'kukatulukira ku Chambe, pamwamba pa phiri. Ife a komiti yokonza njirayi gawo lathu ndi lam'munsi lokha, limene munthu wosasenza kanthu amaliyenda pafupifupi ola limodzi.

M'malo otsetsereka njira yasanduka ngalande. Madzi ochokera kumtunda akafika panjira sadutsa, amangoitsata, chifukwa mapazi a anthu anaikumba kale n'kukhala yolowa kuposa nthaka ya m'mbali mwake. Chigwetsereni miyala namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, malo amenewa sanabwererepo mwakale, ndipo mvula ya Jude mwezi wathawu yangowonjezera. Pena munthu amalowa mpaka m'mawondo. Anthu akaona dzenje amalambalala n'kutsegula kanjira pambali, kenaka kena pambali pa kameneko, mpaka pamalo amodzi pali tinjira tingapo toyandikana, tonse tokokoloka.

Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927, choncho tisanagwire khasu tinayamba takaonana ndi a zankhalango. Tagwirizana kuti sitidula mtengo wamoyo, sitilowetsa mbewu zachilendo m'kati mwa malire, ndipo miyala tizitola yogwa kale, osaswa thanthwe.

Msonkhano wa kwa a mfumu unali wautali. Funso loyamba linali la kangachepe, ngati masiku onse. Ine wofunsayo sindimudzudzula. Anthu anazolowera kuti ntchito ya chitukuko imabwera ndi galimoto yoyera ndi pepala losainira, ndipo munthu amene nkhokwe yake ili theka ali ndi ufulu wofunsa kuti tsiku lake lilipidwa ndi ndani. Tinayankha zoona, kuti ndalama palibe kupatula zimene tizisonkha tokha. Ena ananyamuka. Koma funso limene latsala m'mutu mwanga ndi la mayi wina wachikulire amene anadikira abambo onse atatha kulankhula. "Inu a komiti," anatero, "njirayi mukukonzera alendo a makamera kapena ife osenza mitolo? Mutiuziretu, tidziwe ngati tibwere ndi makasu."

Meyi

Kuti timuyankhe bwino, tinaika kope poyambira njira, anyamata n'kumasinthana kulemba aliyense wodutsa ndi chimene watsata. Kopelo lasonyeza zimene aliyense wa kuno akudziwa koma sitinaziwerengepo. Alendo ndi ochepa zedi poyerekeza ndi eni mudzi. Kusanache amadutsa amayi a nkhuni, ndipo amatsika dzuwa litakwera. Pali odula nsungwi, ofuna mankhwala azitsamba, ana opita kukasamba, mapotala okwera ndi katundu wa alendo, ndi magulu opita kukapemphera kuphiri, amene Lachisanu madzulo amachuluka. Alendo enieni amabwera kumapeto a sabata ndi masiku a tchuthi.

Izi zasintha kamangidwe konse. Magaidi, otsogolera alendo m'phiri, ankafuna masitepe ataliatali ndi makona okhota msanga ngati amene anawaona m'mapiri a kunja pa zithunzi za alendo awo. Tinamanga kagawo kakang'ono koyesera, n'kupempha amayi kuti atsikepo ndi mitolo. Mtolo wa nkhuni umatalika kuposa munthu wousenza. Pakona yothina umagunda mtengo kapena thanthwe, ndipo mayi sangaweramitse mutu kuti aone poponda. Onse anatsika sitepe yoyamba, yachiwiri, kenaka n'kuchoka pa masitepewo n'kulunjika kutsetsereko monga kale. Palibe anadandaula. Anangotisonyeza ndi mapazi kuti tinjira tachidule timayamba bwanji.

Ndiye tagwirizana motere. Sitepe isatalike kupitirira chikhatho ndi theka, ndipo poponda pakhale potakata kuti phazi lonse likhalepo. Makona akhale otambasuka, oti mtolo uzungulire osagunda kanthu. Pamalo angapo tisiya mwala waukulu wofika m'chiuno pambali pa njira, woti munthu atsamiritsepo katundu popuma osamutula pansi, chifukwa mtolo ukafika pansi umafuna munthu wina wokusenzetsa. Maganizo a miyala yopumirayi ndi a amayi omwewo, ndipo mapotala awalandira ndi manja awiri.

Tasankha Lachitatu m'mawa kukhala tsiku la ntchito. Lachisanu ndi la Asilamu, Loweruka la a Seventh Day komanso ndi tsiku limene magaidi amapeza alendo, Lamulungu n'losachita kufunsa. Kukagwa maliro m'mudzi ntchito imaima, palibe zokambirana.

Juni

Mwezi uno ndiye wa ntchito yeniyeni. Chimanga chalowa m'nyumba, nandolo sanakhwime, anthu ali ndi mpata, ndipo kuzizira kumathandiza posenza miyala. Chiperoni chatitsekera masiku ena. Nkhungu ikatsika ndi kamvula kake kowaza, miyala imaterera ndipo timaweruka msanga, poopa kuti wina angaphwanye chala.

Ndilembe pang'ono za kaikidwe ka mwala, chifukwa ena a inu mwafunsa pa gulu la WhatsApp kuti n'chifukwa chiyani sitikungogula simenti. Choyamba ndi mtengo wake, umene chigwereni Kwacha mu Novembala 2023 sunatsikenso. Chachiwiri, simenti pamalo otsetsereka imang'aluka madzi akalowa pansi pake, ndipo ikang'aluka palibe wa m'mudzi muno angaikonze popanda kugula thumba lina. Mwala woikidwa popanda simenti ukasuntha, anthu awiri ndi chitsulo amaubwezera tsiku lomwelo. Mitengo nayo tinaikana. Chiswe chimadya, ndipo chimene chiswe chasiya chimakathera pa mafuwa a wina.

Timayambira m'munsi kukwera, kuti sitepe iliyonse ikhale pa inzake. Mwala wa sitepe umakwiriridwa mbali yaikulu m'nthaka, n'kupendekera pang'ono kuphiri kuti munthu akaponda usagudubukire kutsogolo. Kumbuyo kwake timathiramo timiyala ting'onoting'ono n'kusinja ndi chipika. Woyesa ndi bambo wina wonenepa wa m'komiti mwathu, amene amadumphapo ndi miyendo yonse. Ukagwedera, timazula.

Koma chofunika kuposa masitepe ndi ngalande zopingasa. Pamwamba pa malo aliwonse otsetsereka timakumba kangalande kodutsa njira mopendeketsa, n'kukayala miyala, kuti madzi achoke panjira asanapeze liwiro n'kukagwera m'tchire momwe muli udzu. Ngalande yongodutsa molunjika imadzaza mchenga pa mvula imodzi. Yopendekera imadzitsuka yokha. Pamene madzi akutulukira timaunjikapo miyala kuti asakumbe dzenje latsopano. Ntchitoyi siioneka pa chithunzi, ndipo anyamata saikonda, amafuna masitepe oti ajambulitsepo. Ine ndikadauzidwa kuti tisankhe chimodzi, ndikadasiya masitepe onse n'kukumba ngalande zokha.

Tinjira tam'mbali tatitseka ndi nthambi zouma ndi minga. Tiona ngati anthu atilemekeze.

Odula udzu wofolera ayamba kukwera. Mitolo yawo ndi yopepuka koma yotambalala, ndipo atipempha kuti tisadze nthambi zotchinga m'mwamba. Tatero, nthambi zokha.

Za chithandizo: amayi a Mvano abwera ndi ndowa za thobwa Lachitatu lililonse popanda kuwapempha. Wogulitsa ziboliboli wina watibwereka wilibala. A banki m'khonde agula makasu ndi piki, atalemba m'buku mwawo kuti zidazo ndi za mudzi, si za komiti, ndipo achita bwino kutero. Ana a kuno okhala ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni atumiza kangachepe pa Mpamba ndi Airtel Money. Msungichuma amawerenga ndalama zonse mokweza pamaso pa anthu tisanayambe ntchito, zolowa ndi zotuluka. Zimadya nthawi, koma chiyambireni kutero manong'onong'o atha.

Julaye

Phiri ladzaza. Ino ndi nyengo imene alendo ambiri amakwera, kuli kouma, kozizira, ndipo kumwamba kukayera munthu amaona kutali. Amene akulinga ku Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phirili, pa mamita 3,002, amagona m'nyumba za m'phiri monga Chambe, Chisepo, Thuchila ndi Lichenya, ndipo ambiri amayambira pa Likhubula pompano. Ndi mwezinso wa mpikisano wa mapotala, ndiye anyamata athu amphamvu onse ali kothamanga kapena kosenza zikwama. Lachitatu kwatsala amayi ndi madala. Sindikudandaula nazo. Miyezi imeneyi ndi imene potala amapeza ndalama ya feteleza ndi fizi, ndipo amene angamuuze kuti asiye mlendo akatole miyala yaulere ndiye kuti sakudziwa za pakhomo pake. Tasintha ntchito kuti igwirizane ndi manja amene alipo: kuyala timiyala m'ngalande, kusesa, kulambula m'mbali.

Pa 6 Julaye ku dziwe kunali anthu ngati kumsika, mabasi a sukulu, makwaya, mabanja ndi mapoto awo. M'mawa mwake tinatola majumbo, mabotolo ndi mapepala a mabisiketi matumba angapo. Magalasi osweka pathanthwe pamene ana amaponda opanda nsapato ndiwo andikwiyitsa kwambiri.

Pakati pa mwezi tamva kuti bungwe la UNESCO laika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Ndi malo achitatu m'Malawi muno, kutsatira paki ya ku nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Chimene chandisangalatsa n'chakuti phirili lalembedwa chifukwa cha chikhalidwe cha anthu ake, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, ndi malo awo a mizimu, osati mitengo ndi miyala yokha. Dziwe la Nkhalamba ndi amodzi mwa malo amene akuluakulu amawalemekeza chikhalire. Magaidi akuti alendo achuluka tsopano. Mwina. Walira mvula walira matope, ndipo matope ake tawatola kale pa 7 Julaye.

Agogo ena abwera kudzatiuza kuti chikwangwani chimene tikufuna kuika pafupi ndi dziwe chisakhale choletsa zinyalala chokha. Akuti chinenenso kuti malowa si obwebwetukirapo kapena kutsegulirapo wailesi mokweza. Tavomera. Chilembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo mawu ake awaona kaye a mfumu.

Ogasiti

Masitepe a malo otsetsereka kwambiri tawamaliza. Mphepo ya mwera yakula, fumbi lili ponseponse, anthu ali kothyola nandolo. Obwera Lachitatu achepa, koma ntchito yotsala ndi yopepuka.

Mwa tinjira tam'mbali timene tinatseka, tonse takhalabe totseka kupatula kamodzi. Minga ya pamenepo imachotsedwa usiku, ife n'kubwezera, iwo n'kuchotsanso. Titafufuza tapeza kuti kanjirako kamapita pa kasupe amene sauma chilimwe, pamene osenza katundu amamwapo. Takatsegula, taikamo masitepe ochepa ndi ngalande yake, tsopano ndi mbali ya njira.

Seputembala

Ntchito inaima milungu ya kampeni. Misonkhano ya ndale inali tsiku ndi tsiku mpaka chisankho cha pa 16, ndipo kumeneko kumagawidwa nsalu ndi matisheti pamene ife tili ndi thobwa. Munthu wina wofuna mpando anatumiza uthenga kuti atigulira zida ngati tingamulole kudzajambulitsa pa masitepe atavala makaka a chipani. Komiti inakana mogwirizana. Njirayi amadutsamo a zipani zonse, ndipo ikangodziwika kuti ndi ya uje, theka la mudzi silidzabweranso ndi khasu.

Moto wayamba. Usiku ukayang'ana kuphiri umaona mizere yofiira ikukwera. Oyatsa ndi osiyanasiyana: osaka mbewa ndi nyama, ofula njuchi, ootcha makala, ndi ena ongotaya ndudu. Moto wa mwezi uno si wofanana ndi wa Juni. Udzu wauma kotheratu, mphepo ikuomba, ndiye umapsereza ndi mitengo ing'onoing'ono yomwe, n'kusiya nthaka yambee imene mvula yoyamba idzaikokolola kugwera panjira pathu. Kumtunda umapha mbande za mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha, ndipo waukulu woti uuloze masiku ano ndi wosowa. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango akhala akubzala mbande zake kwa zaka zambiri, koma mbande ya zaka zitatu imatha ndi moto wa madzulo amodzi.

Ife mbali yathu ndi yaing'ono. Talambula udzu mbali zonse ziwiri za njira kuti ikhalenso ngati mpata wotchinga moto. Moto wina wochokera chakumadzulo unafika panjira n'kuima pamene tinalambula motakata. Pamene tinalambula mochepa unadumpha. Chaka chamawa kulambulaku kuchitike mu Juni, udzu usanaumitsitse, ndipo odula udzu wofolera tiwapemphe kuti ayambire m'mbali mwa njira. Iwo apeza udzu pafupi, ife tipeza mpata wa moto popanda kutuluka thukuta kawiri.

Okutobala

Kwatentha. Okwera mpaka pamwamba achepa, koma ku dziwe kukudzaza anthu othawa dzuwa, makamaka pa tsiku la Anakubala pa 15 ndi masiku a mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, pamene obwera kuchokera kutali amapezerapo mwayi wodzaona mathithi. Atsikana a m'mudzi ayamba kugulitsa zitumbuwa, chinangwa chophika ndi nthochi poyambira njira. Tagwirizana nawo kuti aliyense wogulitsa azikhala ndi thumba la zinyalala ndipo madzulo azitola malo ake. Akuchita bwino kuposa mmene chikwangwani chingachitire. Mlendo amamvera munthu amene wangomugulitsa chitumbuwa.

Tayamba nazale kuseri kwa sukulu, pafupi ndi madzi. Ana akudzaza dothi m'machubu akaweruka. Ena amafuna tifese mkungudza chifukwa cha dzina lake, koma kuno kunsi n'kotentha, kwawo ndi kumtunda kozizira. Tafesa mbawa, mtangatanga ndi katope wa m'mbali mwa mtsinje. Paini ndi bulugamu ayi. Paini amene anabzalidwa kale ku Chambe, uja matabwa ake ankatsika pa chingwe cha m'mwamba chimene chinapatsa dzina njira ya Skyline, anafalikira yekha mpaka kulanda malo a mitengo yachilengedwe, ndipo kumuchotsa kwadya ndalama zambiri. Udzu wa vetiva tibzala m'minda ya kunsi kwa malire kokha, kumene madzi ochoka m'ngalande zathu amakathera, eni minda atavomera.

Mphunzitsi wina wafunsa ngati ana a Sitandade 7 angamabwere kudzaphunzirira panjirayi za kukokoloka kwa nthaka. Abwere. Awauzenso kuti madzi a mtsinje wa Likhubula womwewu amayenda m'mapaipi mpaka kukamwedwa ku Blantyre, kuti adziwe kuti dothi likagwera muno nkhani yake siithera pa mudzi pathu.

Novembala

Aliyense ali kumunda, kugalauza ndi kudikira mvula. Komiti yaimitsa ntchito ya Lachitatu mpaka chimanga chitapaliridwa. Tisanatseke tayenda njira yonse ndi makasu kuchotsa masamba, phulusa ndi mchenga m'ngalande zonse, popeza mvula yoyamba ndi imene imabwera ndi zinyalala zambiri.

Ngalandezo tazigawa. Banja lililonse limene limadutsa njirayi kawirikawiri latenga zake zingapo zoti lizizipala ndi phazi kapena kamtengo podutsa. Mayi uja anafunsa funso kwa a mfumu watenga za pamalo ovuta kwambiri, akuti pamenepo ndi pamene bondo lake linkamupweteka.

Disembala

Mvula yabwera yamphamvu. Tinapita kukaona madzi ali kuyenda, chifukwa ngalande siiweruzidwa kuli dzuwa. Zambiri zikugwira. Madzi akufika pa mwala, kukhota, n'kugwera m'tchire. Ziwiri zimene zili pansi pa malo amene anapsa mu Seputembala zinadzaza matope nthawi yomweyo ndipo madzi analumpha n'kutsata masitepe, sitepe imodzi n'kukhala pansi. Tazikulitsa ndi kuwonjezera ina pamwamba pake. Pamene udzu sunapse, madzi akutuluka oyera.

Oyenda panjira asinthanso. Alendo a zikwama atha, kwatsala mmodzimmodzi wolimba mtima. Tsopano ndi ana otola masuku, amayi ofuna bowa m'mamawa, ndi a nkhuni amene sapuma chaka chonse, koma pano akusenza nkhuni zonyowa, zolemera, pa nthaka yoterera. Masitepe aafupi aja phindu lake likuoneka mwezi uno kuposa mu Julaye. Anyamata ambiri apita kothyola tiyi ku maesiteti, poti masamba aphuka.

Pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere ku dziwe kumadzaza achinyamata, ena atalawa. Ino ndi nyengo yoopsa. Mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri kuno kunsi kuli dzuwa, mtsinje n'kudzaza mwadzidzidzi. Magaidi adzipereka kusinthana kukhala pa dziwe masiku amenewa. Chizindikiro chimene akuuza anthu n'chosavuta: madzi akayamba kuda, kubwera ndi masamba ndi timitengo, kapena mkokomo wa mathithi ukasintha, aliyense atuluke ndipo asayese kuoloka.

Januwale 2026

Miyezi ya njala yafika, ndipo anthu akufuna ganyu, osati chitukuko. Ndalama zimene zinatsala m'thumba komiti yagwirizana kuti zilipire anthu ochepa osenza miyala yokonzera sitepe inagwa ija ndi kubzala mbande, ndipo a mfumu ndi amene asankha mabanja ovutikitsitsa. Ena m'komiti akuopa kuti tikalipira kamodzi, mu Juni palibe adzabwere mwaulere. Nkhawayo ndi yomveka. Ine ndikuona kuti anthu amasiyanitsa Juni ndi Januwale kuposa mmene tikuwaganizira, koma tidzaona Juniyo akafika.

Mbawa ndi mtangatanga tabzala m'malo a tinjira tinatseka tija, katope m'mbali mwa mtsinje. Mbuzi zadya kale zina za kufupi ndi mudzi, ndiye pakufunika zotchingira za nsungwi.

Zotsala: powolokera kamtsinje kakang'ono pakufunika miyala ikuluikulu yopondapo, koma idikira madzi aphwe. Chikwangwani chalembedwa, chikusowa nsanamira zachitsulo. Mipini ya makasu yathyoka yambiri. Kope la odutsa ladzaza, ndipo amene ali ndi lina losagwiritsa ntchito atipatse. Komiti ikumananso kwa a mfumu Lachitatu loyamba la Febuluwale, mvula ikalola, ndipo nkhani yaikulu idzakhala ya odula udzu ndi mpata wa moto.